Khadi Lachikasu la Munthu Wosadya Mazira

Mayi Telala sanali munthu wothamangira kuweruza. Ntchito yosoka inawaphunzitsa kuyeza kawiri asanadule nsalu. Koma khadi lachikasu limene amuna awo anaika pamakina osokera Lachiwiri masana linawasowetsa mtendere.

Amuna awowo anali okonza mafiriji, ndipo anzawo ankangowatcha a Ayisi. Kampani inawasankha kuti akamange zipinda zoziziritsira nsomba kudziko lina lotentha, miyezi inayi. Kunali kutatsala masiku khumi ndi awiri. Anawapatsanso pepala la malangizo: madzi azimwa owiritsa, azigona m'neti, mapiritsi a malungo ayambe asananyamuke, ndipo abayitse katemera wa yelofiva, matenda a udzudzu amene amasandutsa maso achikasu n'kupha munthu. Katemerayo ankafunika kubayitsa pasadakhale, masiku khumi ulendo usanafike, ndipo wopanda khadi lake ankabwezedwa pachipata cholowera m'dzikolo.

"Nalo khadi, mayi. Ndabayitsa," anatero a Ayisi.

"Msanga chonchi? Mwachoka ndikuyamba mpendero wa siketi iyi, mwabwera ndisanaumalize."

"Kunalibe mzere."

"Chipatala chopanda mzere? Mundilondolere, bambo, nanenso ndizikadwalira komweko. Akubayani mkono uti?"

"Wamanzere," anayankha akuusisita, maso ali pawindo.

A Ayisi atabwerera kuntchito, Mayi Telala anatenga pepala la malangizo lija n'kuliwerenga lonse, mpaka timalemba ting'onoting'ono ta m'munsi. Pamenepo panalembedwa kuti munthu amene mazira amamutupitsa auze namwino asanabayidwe, chifukwa katemerayu amapangidwa pogwiritsa ntchito mazira a nkhuku. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi za ukwati, m'nyumba mwawo simunakazingidwepo dzira. Tsiku lina a Ayisi anangolawa keke kuntchito, milomo n'kutupa ngati soseji, kukhosi n'kutsekeka, mpaka anawanyamula kupita nawo kuchipatala. Ndiye lero munthu yemweyo wabayidwa n'kubwera akuimba mluzu?

Mwina namwino anali ndi njira yake, iwo ndani.

Lachitatu m'mawa anaitana amuna awo kuti awayeze malaya a manja aatali otchinga udzudzu. Anazunguliza tepi pachifuwa, papheŵa, kenako anafinya mkono wamanja ndi chala chachikulu.

"Mayo! Pang'onopang'ono, mayi, pali bala la jakisoni pamenepo."

"Dzulo linali kumanzere."

A Ayisi anatsokomola. "Ululu umayenda."

"Inde, umayenda. Mawa ukhala uli m'bondo."

Masana anatseka shopu, khadi lili m'chikwama, n'kupita kwa mlamu wawo, mng'ono wa a Ayisi, amene anali ndi kachipinda kojambulira mapepala ndi kusema zidindo kuseri kwa siteshoni ya basi. Anamupeza akudula mapepala ndi chimpeni chake chachitsulo. M'bini munali tizidutswa ta pepala lolimba lachikasu.

"Alamu, mwatiyendera lero! Kunyumba kuli bwanji?" anatero mlamuyo, phazi likukankhira bini kunsi kwa tebulo.

"Kuli bwino. Tachikasuti n'ta chiyani, alamu?"

"Makhadi a ukwati."

"Ukwati wa udzudzu?"

Mayi Telala anaŵerama n'kutola kachidutswa kamodzi. Anatulutsa khadi lija, n'kuzigundanitsa m'mphepete monga amachitira ndi nsalu ziwiri za diresi imodzi. Chimpeni cha mlamu chinkadula mopendekera pang'ono, ndipo kupendekerako kunagwirizana ndendende. Mlamu anayamba kufotokoza za makina akale, za makasitomala ambiri, koma Mayi Telala anangomuyang'ana mpaka mawu anamuthera.

"Achimwene anu akakafera kumeneko, mudzasindikizanso pulogalamu ya maliro. Pepala latsala."

A Ayisi ataŵeruka anapeza khadi ndi kachidutswa kaja zili pamodzi patebulo lodulirapo nsalu, pambali pali sizasi yaikulu. Anakhala pampando wa makasitomala osavula n'chipewa chomwe.

"Kuchipatala ndinapitadi," anayamba motsitsa mawu. "Namwino anandifunsa za mazira, ine n'kunena zoona. Anabweza jakisoni m'firiji, akuti ndikaonane ndi dokotala wamkulu kuchipatala china. Mayi, dokotalayo akakana, kampani itumiza wina. Ndipo otsalafe akutichotsa mmodzimmodzi, inunso mukudziwa."

Mayi Telala ankadziwadi. Anawayang'ana amuna awo, manja okakala aja atawapanikiza pakati pa mawondo, ndipo mkwiyo unachepa, koma mantha sanachoke.

"Chidindo cha alamu chikapusitsa wapachipata, chabwino. Nanga udzudzu umadziwa kuwerenga? Ukadzatera pakhosi panu mudzauonetsa khadi?"

"Ndizivala malaya anuwo. Ndizigona m'neti."

"Udzudzu wake umaluma masana, pepala lanenanso. Muzikonza mafiriji muli m'neti?"

Anatenga sizasi. A Ayisi anatambasula dzanja, koma khadi linali litagwa kale pansi, zidutswa zinayi.

"Mawa ndi Lachinayi, tsiku lomaliza. Tipita tonse. Dokotala akakana, wakana. Ntchito ikatha tidzadya za makinaŵa, koma ine sindisoka nsalu yakuda."

Kuchipatala chachikulu mzere unalipo, wautali bwino. Dokotala anali mayi wa imvi wosathamanga. Anamvetsera nkhani ya keke, anafunsa kuti panapita mphindi zingati kukhosi kusanatseke, ndipo anayankha ndi Mayi Telala. Kenako anati ayesa kadontho pakhungu, n'kupereka katemerayo pang'onopang'ono, mankhwala oletsa kutupa ali pafupi. Thupi likakana, asiya, ndipo alemba kalata yoona yoti kampani iganize yokha.

Anakhala m'kachipinda ka dokotalayo masana onse. Namwino ankabwera ndi kajakisoni, kubaya, kuyang'ana wotchi, kutuluka. Mayi Telala sankayang'ana wotchi. Ankayang'ana milomo ya amuna awo.

"Mayi, mundibowola ndi maso."

"Mezani malovu ndione."

Pamkono panatuluka chidzolo chofiira, namwino anaitana dokotala, ndipo onse anadikira. Chidzolocho sichinakule. Dzuwa litapendeka, dokotala anasaina khadi lina lachikasu n'kudinda. Mayi Telala analilandira okha, n'kuliyang'ana m'mphepete monse. Linali lodulidwa mowongoka.

Lachisanu m'mawa malaya oyamba anatha. A Ayisi anawavala, n'kuima pagalasi. Akazi awo anakonza kolala, anakoka mkono wa malaya, kenako anafinya kumanja. Zii. Anafinya kumanzere.

A Ayisi analumpha, kugunda dengu la ulusi, n'kutukwana mawu amene sanawanenepo m'nyumbamo.

"Eya," anatero Mayi Telala akutola maulusi. "Tsopano tikambe za mapiritsi a malungo. Muziwamwa ine ndikuona."