Mimba Ziwiri pa Munda wa Chinangwa

Mimba ziwiri zinabwera chaka chimodzi pa kafukufuku wathu wa chinangwa ku Morogoro: ya Solveig wa ku Norway, ndi ya Tusajigwe, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi. Tonse tinkachita maphunziro a digiri ya udokotala pa zaulimi, mphunzitsi mmodzi, matope amodzimodzi. Koma kwawo kwa Solveig wophunzira udokotala ndi wantchito, amalandira malipiro. Ife tinkadalira thandizo la zaka zitatu, losadziwa kuti mkazi amabereka.

Solveig tinamuphikira pilau potsanzikana. Ankapita kwawo pafupifupi chaka chathunthu, malipiro osaima, maphunziro atamusungira.

"Nanga iwe tchuthi uyamba liti?" anafunsa akusisita mimba ya Tusa.

"Iwe mzungu, tchuthi changa ndi Lamlungu masana," Tusa anatero akuseka. "Ukuyesa chinangwa chimadikira munthu?"

Solveig anafiira nkhope, nathamangira kwa apulofesa kukatimenyera nkhondo. Apulofesa anangotambasula manja. Chondiwawa mpaka lero n'chakuti ndalama za Solveig ndi Tusa zinkachokera m'thumba limodzi.

Tusa anachira mwana wamkazi, Sekela. Mwamuna wake anali msilikali kumalire, wantchito wolera mwana sakanakwanitsa kumulipira, ndipo nthawi yokumba chinangwa inali itakwana. Anakamusiya mwanayo kwa amayi ake ku Tukuyu akadayamwa. Ndinkamuona kumunda akuyeza chinangwa pasikelo, bulauzi itanyowa ndi mkaka, iye n'kumanamizira thukuta. Ulendo wa ku Tukuyu ndi wautali, thandizo lake losakwanira kulipira basi. Ankangolankhula pafoni, mwana n'kumaluma foniyo.

Solveig anabwerera ndi mwana wake, wonenepa ngati dzungu. Tusa ankamunyamula kwambiri mwana uja, mpaka ine ndinkayang'ana kumbali.

Digiri Tusa anaipeza ndithu, thandizo litatha kalekale, akungodalira tiyi ndi mandasi. Ndinamuperekeza ku Tukuyu. Njira yonse anafumbata tinsapato tofiira, n'kumandifunsa ngati timukwana Sekela.

Tinafika mvula ikuwaza. Sekela anali atayamba kale kulankhula. Atationa anabisala kuseri kwa chitenje cha agogo ake.

"Pita, iwe, amenewo ndi amako," anatero agogowo.

Kamwanako kanabwera mwaulemu, kanagwada, kanatipatsa moni tonse awiri mofanana. Tusa anatambasula manja. Iko kanabwerera m'mbuyo, kanakoka chitenje cha agogo.

"Amayi," kanatero, "alendowa apita liti?"