Makapu Awiri a Kirimu

Pa mpingo wawo kufupi ndi Namitete, kukakhala ukwati kapena ubatizo, keke ankaphika ndi Selina. Zinasintha mlamu wake Jessie, mlongo wa mwamuna wake Eliya, atasiya ntchito ya kuhotela mu Lilongwe n'kubwerera kumudzi. Anabwera ndi kasikelo ka mabatire ndiponso keke yachilendo yothira kirimu wowawasa, amene ankayengula pamwamba pa chambiko.

Pa ubatizo wa mwana wa a Tamandani, amayi a Chigwirizano anadya keke ya Jessie mpaka nyenyeswa. Ya Selina inatsala theka. Pobwerera, Eliya akupalasa njinga, ananena osatembenuka n'komwe: "Koma mlongo wanga uja ali ndi dzanja. Keke ija imachita kusungunuka m'kamwa."

"Ndiye muzikadya komweko," anayankha Selina ali pakaliyala.

Sabata yolandira abusa atsopano itayandikira, Selina anapita kwa Jessie ngati wodzabwereka sefa, koma maso ali pasikelo. Anaona kapu ya fulawa ikuonetsa magalamu 120. Kirimu anali atasakanizidwa kale ndi mazira.

"Kodi kirimuyo mumathira wochuluka bwanji?" anafunsa ngati sizikumukhudza.

"Magalamu 240. Mukafuna, alamu, sikeloyi muzibwereka."

"Ine? Ndinayamba kuphika makeke inu mukusewera masanje."

Kunyumba anadziwerengera yekha: ngati kapu imodzi ndi 120, ndiye kuti 240 ndi makapu awiri. Anathira awiri odzaza. Mtanda unatuluka wamadzimadzi, iye anaona ndithu, koma anauthira m'poto, makala pansi ndi pachivindikiro. Atavundukula, kunja kunali kutapsa, pakati patalowa, m'kati muli phala.

Jessie anamupeza akupalira kekeyo nkhuku kuseri kwa nkhokwe. Anatapako ndi chala, nalawa.

"Mwathira makapu awiri, eti? Kirimu amalemera kuposa fulawa, alamu. Kapu imodzi yokha ndiyo 240."

Selina ankadikira kuti amuseke kuti apeze poyambira mkangano. Jessie sanaseke. Anakatenga kirimu wake amene anasungira keke yakeyake, nakoleza makala ena. Ulendo uno Selina anathira kapu imodzi yokha.

Lamulungu, keke inali imodzi yokha pagome, ndipo inatha abusa asanamalize tiyi. Mayi Chikoti, wapampando wa amayi, anaimirira nayang'ana Selina. "Amake Mwaiwathu, lero mwaonjeza! Ya ukwati wa mwana wanga mudzaphike ndinu."

Selina anagwada n'kuthokoza. Podzuka anayang'ana mlamu wake, akuyembekezera kuona nkhope yakugwa, kapena kumumva akunong'oneza wina kuti kirimuyo anali wake. Koma Jessie anali kumbuyo ndi beseni la makapu akuda, akululutira kuposa aliyense, chisangalalo chake chenicheni.

Chimenecho ndicho chinamubaya Selina. Keke anali ataidziwa tsopano, ndipo mawa akanatha kuiphika yekha. Koma mtima wotere sakanaupeza. Pa nthawi yotsuka mbale anasankha beseni lina, kutali ndi Jessie, nakwecha poto woyera kale mpaka amayi onse anabalalika.