Pepala Lakuda Padenga

Duncan anali atawerama, akupala dzimbiri pamitu ya batire la njinga yamoto, pamene chigalimoto choyera chinaima kutsogolo kwa kashopu kake. Pa Santhe anthu anaonapo malole, mathalakita ndi mabasi amitundumitundu, koma chotere anali asanachionepo: makatani m'mawindo, khomo m'mbali, m'kati muli bedi ndi firiji ngati nyumba. Azimayi ogulitsa tomato anasiya malonda n'kungoti kukamwa yasa.

Munatsika mayi wachitsikana, makiyi ali m'manja.

"Ndinu a Duncan okonza zamagetsi? Ine ndine Tithokoze. Mayi anga ali m'katimu, amapuma ndi makina. Tikuthamangira nawo kuchipatala ku Lilongwe, koma makinawo ayamba kulira, akuti moto ukutha. Tafunsa m'magolosale monsemu, akuti magetsi anazima m'mawa. Chonde bambo."

Duncan anatola mita yake yoyezera moto ndi sipanala ziwiri. Anali ataponda sitepe ya galimotoyo pamene pakhomo panaonekera nkhalamba yaitali, ya chipewa chakhonde, itagwira ndodo. Imvi zinali mbuu, masaya atalowa, koma munthu suiwala nkhope imene unaigwadira. Anali a Nthanda, eni esiteti ya fodya kumene Duncan anagwirako utenanti atangochoka kwawo ku Phalombe.

Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi zinali zitapita. Tsiku limenelo mkazi wake Fainala anayamba kutaya magazi, mimba ili ya miyezi isanu ndi itatu. Lole ya pa esiteti inali itaima pabwalo, mabelo atapakira kale, injini ikulira. Duncan anagwada m'fumbi, anthu akuona. A Nthanda anayang'ana wotchi n'kunena kuti, "Lole ndi ya fodya, ikupita ku okushoni. Kapeze ngolo." Ngoloyo anaipezadi. Ng'ombe zinayenda monga zimayendera ng'ombe. Pa mitengo ya bulugamu ili kumapeto kwa msika wa Santhe, chipatala chitatsala pang'ono, Fainala anasiya kuyankha. Anapita ndi mwana yemwe.

Ku esiteti Duncan sanabwerereko, ndipo ku Phalombe anachita manyazi kukafika yekha. Anakhala pomwepo pa Santhe, n'kuphunzira za mawaya ndi mabatire. Mitengo ya bulugamu ija ankaiona tsiku lililonse akamatsekula shopu.

"Amisiri, tithandizeni," anatero a Nthanda, akumupatsa njira.

Amisiri! Duncan anawayang'ana m'maso, akudikira kuti mwina nkhope isintha. Sinasinthe. Sanamuzindikire n'komwe. Matenanti anadutsa pa esiteti ija anali ochuluka, ndipo ndi nkhwangwa imaiwala, chitsa sichiiwala. Mtima wake unawawa kuposa mmene ukanawawira akanamutukwana.

M'katimo munkanunkha upya wa galimoto wosakanikirana ndi fungo la mankhwala. Pabedi panagona mayi Feggie, akazi awo a Nthanda, atatha ngati nkhuni, timapaipi tili m'mphuno. Pambali pawo makina a mpweya ankalira tii, tii, kanyali kofiira kakuphethira.

"Galimotoyi ndi yatsopano, ilibe ndi mwezi," Tithokoze ankalankhula mofulumira. "Anatumiza achimwene anga a Davison kuchokera ku Joni, kuti amayi azipita kuchipatala atagona. Kunyumba makinawa timalumikiza kukhoma. Lero ndi ulendo woyamba. Injini ikulira bwinobwino, nanga moto ukutha bwanji?"

"Galimoto zotere zimakhala ndi mabatire awiri," anayankha Duncan, mawu ali ouma. "Lina ndi la injini, lina ndi la m'nyumba muno. Makinawa akudya la m'nyumba."

Analipeza pansi pa mpando wodyerapo. Anagunditsa nsonga za mita pamitu yake. Batire lamoyo limaonetsa kupitirira 12. Ili linaonetsa 10 ndi kadontho.

"Lizani injini."

Tithokoze analiza. Manambala sanasunthe. Ndiye kuti injini sinkatumiza kanthu kumbuyo kuno. Duncan analondola waya wofiira wonenepa ndi zala, kudutsa pansi pa kapeti mpaka kunsi kwa mpando wa dalaivala. Anatsekula kabokosi kakuda n'kuzula fyuzi yaikulu ngati chala chamanthu. Inali yakupsa, yoduka pakati.

Fyuzi sipsa popanda chifukwa. Anaona waya wina wopita kudenga, n'kufunsa ngati pamwamba pali sola. Tithokoze anati sakudziwa. Duncan anatuluka n'kukwera kamakwerero ka kumbuyo, ndipo zimene anaona zikanamuseketsa likanakhala tsiku lina. Denga lonse linali lokutidwa ndi pepala lakuda la pulasitiki, lomwe lija amafolera zigafa zoumitsiramo fodya, lomangidwa bwinobwino ndi mphira za matayala, mfundo zake zaukatswiri.

"Anafolera ndani apa?"

"Ndine," anatero a Nthanda ali pansi, ndipo m'mawu mwawo munali kakunyada. "Pali galasi pamwambapo. Ndi mvula ya matalala ya chaka chino, ndikanalisiya pamtunda? Chinthu chodula sachinyowetsa."

Anali mlimi wa fodya mpaka m'mafupa. Moyo wake wonse mdani anali mvula yogwera pa tsamba louma, ndiye chilichonse chamtengo wapatali ankachifunditsa. Masabata atatu sola inakhala mumdima, firiji ikuyamwa batire usana ndi usiku. Lero injini italira, batire laludzu lija linakoka moto wambiri nthawi imodzi, fyuzi n'kupsa.

Duncan anakhala padengapo, mpeni uli m'manja, dzuwa la Febuluwale likumuotcha m'khosi. Vuto analidziwa tsopano, ndipo ankalidziwa ndi iye yekha. Fyuzi ya mphamvu chotero pa Santhe ponse inalipo imodzi, ndipo inali pa sola ya m'shopu mwake. Kuchokera pamwambapo minda ya fodya inkaoneka mpaka kumene maso amalekezera, ndipo chapafupi, kumapeto kwa msika, panali mitengo ija.

Mawu obwezera anali okonzeka. Anawasunga zaka zonsezi, ankawayeseza akamapalasa njinga, ngakhale m'tchalitchi momwe. Akanangotsika n'kunena mwaulemu kuti, "Pepani bwana, fyuzi yotere kuno kulibe. Kapezeni ku Boma." Palibe akanamutsutsa. Mlandu suola, ndipo lero unabwera wokha pakhomo, pa matayala atsopano. Anafuna kuona nkhalambayo itagwada m'fumbi. Anafunadi, ndipo sanachite nazo manyazi.

Kenaka kulira kwa tii, tii kunaleka.

"Amayi!" anakuwa Tithokoze. "Makina azima! Amayi!"

Kupyolera pa khomo lotsekula Duncan anamva kupuma kwa mayiyo, kokoka, kosafika pansi. Kupuma kumeneko ankakudziwa. Anakumvera ulendo wonse m'ngolo, mutu wa Fainala uli pamiyendo pake.

Sanadziwe kuti anatsika bwanji. Anathamangira m'shopu, anamasula batire lake lalikulu lotchajira mafoni a anthu, n'kulinyamula pamimba ngati thumba la feteleza. Analumikiza mawaya, chofiira ku chofiira, chakuda ku chakuda, zala zikuterereka ndi thukuta. Makina anadzuka n'kuyamba kung'ung'uza. Kanyali kanasanduka kobiriwira.

"Akwezeni mutu pang'ono," anauza Tithokoze, n'kutulukanso.

Anakazula fyuzi ya sola yake n'kuiika kunsi kwa mpando wa dalaivala. Anakweranso padenga, nadula mphira zija imodziimodzi. Pepala lakuda linatsetsereka n'kugwera pamapazi pa a Nthanda, ndipo galasi la sola linaona dzuwa la Kasungu koyamba. Injini italira, anagunditsanso mita: 13, kenaka 14.

"Batire langali mupite nalo, lanulo lidzale kaye," anatero akumanga mawaya ndi tepi. "Firiji muzimitse. Injini musazimitse mpaka mutafika."

Ankatolera sipanala zake pamene anamva dzanja lozizira likumugwira pamkono. Mayi Feggie anali atatsekula maso.

"Ndinu amuna ake a Fainala," anatero, liwu lililonse likutuluka palokha.

Dzina limenelo Duncan anali asanalimve pakamwa pa munthu wina kwa zaka zambiri.

"Ankasoka fodya akuimba. Ndinkamumva ndili kukhitchini." Anapuma kawiri, katatu. "Tsiku lija ndinali pawindo. Ndinakuonani mutagwada. Sindinatuluke, bambo. Ndinaopa. Sindinatuluke."

Misozi inatsikira m'makutu mwawo. Tithokoze anayang'ana mayi ake, n'kuyang'ana bambo ake, osamvetsa. A Nthanda anali ataima pakhomo. Anamuyang'ana Duncan nthawi yaitali, ndipo pang'onopang'ono nkhope ija inasintha. Anavula chipewa. Ndodo inagwa, ndipo mawondo anayamba kupinda.

Ichi ndi chimene Duncan anachilakalaka zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Chitafika, sanapezemo kukoma kulikonse. Anaona nkhalamba yamantha imene mkazi wake akufa, basi. Anaigwira m'khwapa isanafike pansi.

"Dzukani. Kugwada kumadya nthawi," anatero. "Ine ndikudziwa. Kwerani, muzipita."

"Mwana wanga, ine..."

"Muzipita, bambo. Musaime panjira."

Sanathe kunena kuti wakhululuka, chifukwa sankadziwa ngati zinali zoona. Anangotseka khomo la galimotoyo ndi dzanja lake, n'kumenya kawiri m'mbali monga amachitira makondakitala.

Galimoto inalowa mumsewu. Azimayi a tomato anabwerera ku malonda awo, mwini njinga yamoto ija akudandaula kuti wachedwa. Duncan anaima pakati pa fumbi, pepala lakuda lili m'manja, maso ali pa chinthu choyera chija chikuchepa. Anadzipeza akuwerenga malo monga anawerengera tsiku lija: chigayo, mjigo, kamlatho. Chinatsala ndi mitengo ya bulugamu. Anagwira mpweya.

Galimotoyo inalowa mumthunzi wa mitengoyo, n'kutulukira mbali ina. Sinaime.

"Adutsa, Fainala," anatero chapansipansi.

Anapinda pepala lija kanayi n'kulowa m'shopu yake, mmene tsopano munalibe moto.