Ba Nason Sapuma

"Ine kupuma? Nizapuma m'bokosi. Uja munda nizaukumba nekha mvula ikalibe kugwa, ndipo kulibe munthu azagwira khasu langa!"

Ba Nason adalankhula izi panja pa tchalitchi, jekete ili paphewa, mawu ali pamwamba kuti ndi ogulitsa tomato kumsewu amve nawo. Amene ankauzidwa anali Ba Rosaria, mtsogoleri wa azimayi a Chigwirizano, omwe adangofunsa mwaulemu ngati azimayiwo angabwere kudzathandiza kukumba maenje a gamphani.

"Timathandiza odwala, Ba Nason," adatero Ba Rosaria.

"Na akazi amasiye. Manje ine niyanganeni bwino, nili mkazi wamasiye?"

Bamboyu adakalambira pa stiyelingi ya minibasi, Chongwe mpaka Lusaka, Lusaka mpaka Chongwe. Adasiya pamene maso adayamba kuwaonetsa malole awiri pomwe pali imodzi, iwo n'kumafuna kudutsa pakati. Ndiye adabwera kuno ku Bundabunda, pa malo a makolo a akazi awo, Ba Mainess, n'kusanduka mlimi wolankhula ngati adabadwira mumzere.

Chaka chathachi dzuwa lidawotcha chimanga chisanabereke. Mwana wawo Tamara, wokwatiwa ku Silverest, kufupi ndi Lusaka, adabwera, adasuzumira m'nkhokwe, adayang'ana nthiti za bambo ake, n'kugamula mlandu.

"Adadi, mvula ikagwa munda ukalibe kukonzeka, nibwera kukutengani. Chipinda chilipo. Muzikhala chabe, muzionerera TV."

Ba Nason adachiona kale chipindacho. Chili pafupi ndi geti. Adadziona okha, munthu amene adanyamulapo theka la Chongwe, akuthamanga ndi patapata kukatsegulira mpongozi akaliza hutala. Adalumbira mumtima kuti ku Silverest adzapita ngati mlendo wodya nkhuku, osati ngati katundu.

Kuchipatala nako namwino adawamanga kansalu kamphepo pamkono, adaona, adagwedeza mutu.

"Atate, magazi yanu yathamanga maningi. Mufunika kupuma."

Ba Nason adakoka mpweya mwaphokoso, n'kuutulutsa ngati tayala lobooka.

"Mwamva, sista? Nipuma. Kuchokera tsiku nabadwa nikalibe kulekako."

Namwino adaseka, koma mapilitsi adawapatsabe.

Tsono gamphani si ulimi wa anthu okonda mthunzi. Umakumba maenje nthaka ikadali youma, mu Okutobala, kuti mvula yoyamba ikagwa madzi akhale m'dzenje, iwe n'kubzala mawa lake. Umatambasula chingwe chomangiriridwa zitsekero za mabotolo, ndipo paliponse pali chitsekero pamafunika dzenje. Khasu lake amalitcha chaka, lolemera ngati jeke wa galimoto. Nthaka ya Ba Nason inali italimba moti khasu likagunda pansi, mano ndi amene ankamva.

Adakumba. Tambala akalira, iwo ali kale m'munda. Dzuwa likafika pamutu, mbuzi zitabisala pansi pa ngolo, iwo akadali chiweramire. Zikhatho zidatuluka matuza, matuza adaphulika, pamalo pake padamera ena. Ba Mainess ankasuntha chingwe ndi kuthira manyowa, n'kumawerenga nkhope ya amuna awo.

Kupemphera Ba Nason ankapemphera ndithu, koma ngati dalaivala wouza kondakitala zochita. Bundabunda yense ankalirira mvula, iwo okha ankagwada n'kunena kuti, "Ambuye, muigwireko pang'ono. Nikalibe kutsiriza."

"Atate ake Tamara," adatero Ba Mainess tsiku lina akuwapatsa maheu, "manje mwayamba kuimika mvula monga ni basi?"

"Nipempha chabe."

"Simupempha, mulamula. Pamene munasiya basi munakamba kuti muzafa. Munafa? Chilala chinabwera, tinadya maungu ya Ba Rosaria, tikali moyo. Niuzeni, mbewu mukaikwirira, ni ndani amaidonsa kuti imere? Ni imwe?"

"Iwe, sunga ulaliki wa pa Sondo. Suntha chingwe."

Chingwe chidasunthidwa. Koma munda unali ngati ukukula usiku. Mizere yokumbidwa inali yokongola, yowongoka ngati msewu wa tala, koma mbali ya kumunsi, kufupi ndi chulu, inali isanakhudzidwe n'komwe.

Kenaka kudacha tsiku lina mphepo itasintha. Kum'mawa mitambo idaunjikana yakuda bii, nyerere zili piringupiringu ndi mazira kukamwa. Foni idalira; anali Tamara.

"Adadi, kuno kwayamba kugunda. Mwatsiriza?"

"Kwatsala ka pang'ono," adatero Ba Nason, akuyang'ana dera loti mpira ukhoza kuseweredwapo.

Adalusa. Khasu lidakwera, lidatsika, lidakwera, lidatsika. Thukuta lidalowa m'maso. Ba Mainess adati akukatunga madzi, n'kutsika ndi kanjira kopita kwa Ba Rosaria, komwe kulibe chitsime. Ba Nason sadaone zimenezo. Chimene adaona ndi chakuti zitsekero za pachingwe zidayamba kukhala ziwiriziwiri, monga malole aja, ndipo khasu linkagwa pakati.

Adadzikoka mpaka pamtengo wa msuku wa m'mphepete mwa munda, akulankhula mokweza ngakhale panalibe womva.

"Sinipuma iyayi. Nifuna chabe kunola khasu."

Adakhala pansi, adatsamira tsinde, khasu pamiyendo, mwala wonolera m'manja. Adayang'ana mbali yosakumbidwa ija, adayang'ana mitambo, adaganiza za geti. Ndipo kwa nthawi yoyamba adapemphera opanda kupereka malangizo.

"Ambuye, nalema. Munda ni wanu, mvula ni yanu, na ine wamene nili wanu. Muone mwekha."

Mawuwo atatuluka, pachifuwa padapepuka ngati wina watsitsapo thumba la feteleza. Kamphepo kozizira kadawapita pakhosi. Adati atseke maso pang'ono chabe, kuti zitsekero zibwerere kukhala chimodzichimodzi.

Azimayi a Chigwirizano adafika ndi kanjira ka kuchulu, zitenje zomangidwa m'chiuno, makasu pamapewa, ena atakoka ndi amuna awo. Ba Mainess adaika chala pamlomo. Adatambasula chingwe. Nyimbo adaiyamba chapansipansi, makasu akugwa pamodzi ngati khasu limodzi lalikulu. Ba Rosaria, poona kuti khasu lawo n'lopepuka, adanyang'ama mpaka pamsuku, adanyamula chaka chija pamiyendo ya mwini wake, n'kubwerera nacho kumzere.

Dzenje lomaliza lidakumbidwa madontho oyamba akugwa, akuluakulu, onunkhira fumbi. Anthu adathamangira pansi pa msuku, n'kuzungulira munthu amene adati adzapuma m'bokosi. Anali chitsamire, mutu uli pambali, kukamwa kuli yasa, mwala ukadali m'manja, mkonono ukupikisana ndi mabingu. Kumbuyo kwawo maenje onse, kuyambira kumtunda mpaka pachulu, anali akudzaza madzi.

Ba Rosaria adabweza khasu pamiyendo paja mosamala, lili ndi dothi lonyowa.

"Amake Tamara, tiwautse?"

Ba Mainess adavula chitenje chapamwamba n'kuwafunditsa amuna awo.

"Alekeni," adatero. "Sista anakamba kuti apume. Onani, apuma konse kuwiri."