Dzina la pa Lisiti

Vainess anamenyetsa malisiti atatu patebulo mpaka tiyi kutayikira.

Amuna ake, a Ambrose, ankayendetsa folokolifiti ku nyumba ina yosungiramo katundu ku Etobicoke, ku Canada. Chimwalirireni mng'ono wawo Conrad ku Ntcheu, tulo ndi chakudya zinawathawa. Maliro anangowaonera pafoni. Vainess anawanyengerera miyezi isanu kuti akaonane ndi mlangizi wa zamaganizo, mpaka anavomera.

Koma inshuwalansi ya kuntchito inali ndi lamulo lake: madola 500 oyamba, omwe amati deductible, ulipire wekha, iwo ayamba kuthandiza ukadutsa pamenepo. Anthu ouma mtima! Munthu akumira, iwo ati yamba wasambira wekha kufika pakati pa mtsinje. Vainess anawonjezera mashifiti kunyumba ya okalamba, msana uli waliwali, mpaka ndalamazo zinakwana. Ndiye m'mawa umenewo a inshuwalansi anabweza malisiti onse, ati dzina si la membala wawo.

"Bambo a Ulemu, tawerengani dzina ili."

A Ambrose anangoti zyoli.

"Conrad! Munalembetsa dzina la malemu? Ine kumalifita agogo a eni tsiku lonse kuti deductible ikwane, inu n'kukachita zimenezi?"

"Ku ofesi kwathu kuli Bupe wa kwaya uja," anayankha motsitsa mawu. "Akaona claim yanga ya inshuwalansi, Sande mpingo wonse udziwa kuti a Ambrose mutu sukuyenda."

"Bupe saona ma claim! Ndakuuzani kangati?"

Vainess anapsa mtima. Anakwiyira amuna akewo, anakwiyira kampani, anakwiyira milomo ya kutchalitchi. Anadzikwiyiranso yekha, poti nayenso ankanamiza amayi a mvano kuti bambo amapita kokawongola msana. Madola ena 500 analibe, ndipo popanda inshuwalansi kwa mlangizi kuja kunali kutatha.

"Mawa tipita tonse," anatero. "Mukamuuza mayi mlangiziyo alembenso malisitiwa m'dzina lanu. Basi."

"Sindingathe."

"Chovuta n'chiyani?"

A Ambrose anayamba kupukuta tiyi uja ndi chikhatho, osadzutsa mutu.

"Amadziwa kuti ndine Conrad. Ndikakhala pampando paja ndimayankhula ngati iyeyo, kumudandaulira za achimwene anga a ku Canada amene sanabwere nditadwala. Kuti akonze lisiti, ndiyenera kumuuza ndi pakamwa pangapa kuti Conrad anafa." Anapukuta chikhatho chija pathalauza. "Zokaonana naye Lachinayi ndakansela kale."