Ankhoswe Akutchaja

A Zangaphee anagula galimoto yamagetsi asanakumbukire komwe amakhala. Amakhala ku Partick, kuno kwa azungu, m'nyumba zosanjikizana zija, pamwamba penipeni, ndipo galimoto imagona pamsewu paliponse pomwe yapeza mpata. Tsiku lina anayesa kutsitsa chingwe chotchajira pawindo. Mayi McDonald a nyumba yapansi anachiyang'ana, n'kuyang'ana kumwamba, ndipo a Zangaphee anachikoka mwakachetechete. Matchaja a m'misewu nawo, ukamafika upeza mataksi andanda kale ngati pachigayo.

Koma Clifton, mwana wa mlongo wawo, anali ndi nyumba ya bwalo lake, tchaja ili pakhoma. Ndipo banja la Clifton ndi Tisunge linkagwedezeka kawirikawiri, a Zangaphee ndiwo nkhoswe ya kuchimuna. Sindikunena kuti ankakondwera nayo mikanganoyo, ayi, mwana wa mlongo wawoyo ankamukonda zedi. Ndikungonena kuti akaitanidwa sankachedwa.

Loweruka lina ataitanidwa, anafika batire ili pa 12 peresenti. Anabaya chingwe asanagogode n'komwe.

M'nyumba anapeza Mayi Gwanda, nkhoswe ya kuchikazi, atavaliratu yunifolomu poti masana ankalowa ntchito kuchipatala. Mlandu wake sunali wolemera. Tisunge ankadandaula kuti akaweruka amapeza mbale zili mbwee, ana sanasambe, bambo maso ali pa mpira. Clifton anavomera zonse. Anapepesa bwinobwino, mpaka Tisunge anaseka pang'ono n'kumukankha paphewa. Sipanathe ndi ola lomwe.

"Basitu, zatha bwino," anatero Mayi Gwanda. "Tipemphere, ine ndikagwire basi."

A Zangaphee anasuzumira foni pansi pa tebulo. Batire ya galimoto inali pa 21. Lolemba anali ndi nkhalamba zisanu zokazisamalira m'makomo mwawo, ina ya ku Paisley, ndipo 21 sikakufikitsa kulikonse m'nyengo yozizira.

Anakhosomola.

"Mayi, tisathamange. Unkhoswewu sindinauyambe lero. Za mbalezi n'zapamwamba chabe. Pano sitichoka mpaka aliyense atulutse zonse za mumtima, osasiyako ndi kamodzi komwe."

Mayi Gwanda anayang'ana wotchi, anapempherera chiimire n'kupita.

Tisunge, mwana waulemu, anafufuza zoti anene. Anapeza za mkonono. Anapeza za masokosi a pansi pa bedi. A Zangaphee anazitafuna chimodzichimodzi, ndi mavesi omwe, ndipo masokosi okhawo anawafikitsa pa 34. Kenaka panabwera tiyi. Atatha tiyi anasimba za banja lawo ndi malemu akazi awo, kuyambira pa chinkhoswe. Atasuzumiranso anapeza 49. Iwo ankafuna 70.

Ndiye anatembenukira kwa Clifton.

"Iwe Clifton, ndakulera ndekha. Ndikakuyang'ana ndikuona kuti pali china chimene wasunga."

Sankaona kalikonse, bodza lenileni. Anangolankhula kuti nthawi ipite.

Clifton anazyolika. Anakhala choncho nthawi yaitali, a Zangaphee n'kumayamikira chamumtima kuti mwanayu sapupuluma.

"Chaka chatha," anayamba Clifton, "mayi ake a Tisunge atagonekedwa ku Zomba, alamu anaimbira ine. Linali Lachiwiri. Anati ndimuuze anyamuke msanga, mayi akumufunsa. Ndinaopa kutsala ndekha ndi ana. Ndinati ndidikire kaye, mwina apeza bwino. Ndinamuuza Lachisanu."

Mayiwo anamwalira Lachisanu lomwelo madzulo. Izi a Zangaphee ankazidziwa, poti ndiwo anatsogolera nyimbo pamaliro m'nyumba yomweyi. Mantha anawagwira.

"Lachiwiri," anatero Tisunge.

"Eya."

"Ndikanawapeza amoyo."

"Eya."

Tisunge sanalire. Anasonkhanitsa makapu, anakawaika kukhitchini, n'kukwera m'mwamba komwe kunali ana. A Zangaphee anati mwina tipemphere, koma panalibe wotseka maso. Ankangomva madirowa akutsegulidwa pamwamba pa mitu yawo, ndipo anachita manyazi amene sanawachitepo chibadwire.

Atatsika anali ndi chikwama chachikulu, ana awiri ali m'majekete.

"Amalume," anatero mwaulemu wake wonse, "yafika pati?"

"Chiyani, mwananga?"

"Galimoto. Mwakhala mukuyang'ana kuyambira m'mawa."

A Zangaphee anafuna kukana. Anatulutsa foni.

"Pa 55."

"Ikwana. Mutiperekeze ku Govan, kwa achemwali anga."

Panja kunkawaza kamvula. A Zangaphee anazula chingwe n'kuchikulunga mosamala pakhoma, ana akukanganirana m'Chingerezi wokhala pawindo la kumanja. Clifton anatuluka wopanda nsapato, anaima pafupi nawo. Sanali wokwiya. Anafunsa ngati mwana amene wachita zimene anatumidwa.

"Amalume, ndanena zonse monga munanenera. Ndiye pano titani?"