Bokosi la Majekeseni Pachifuwa

Mlendo wina anatsika pakabaza Lolemba m'mawa, nkhungu isanachoke paphiri, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa chipatala. Pamzere wa odwala sanafikepo. Mlonda atamufunsa dzina anangoti, "Pilato."

Nilza, mtsikana wogawa mankhwala pakachipatala ka kufupi ndi Thuchila, ankamusuzumira pawindo. Munthu wamaso ofatsa chonchi angakhale wakuba? Komatu mankhwala a malungo ankasowa m'chipinda mwake sabata ndi sabata, ndipo mkulu wa chipatala anali atanenetsa kuti wakubayo akapanda kupezeka pofika Lachisanu, Nilza ntchito yamuthera.

Nilza analumbira kuti sachoka ndi mbiri ya umbava. Anasinthitsa loko. Madzulo aliwonse ankaima pageti n'kumasecha zikwama za anzake, mpaka ena anasiya kumupatsa moni. Koma mankhwala ankasowabe.

Lachinayi masana anamulondola mlendo uja.

"Achimwene, masiku anayi pansi pamtengo! Mukudikira mapeyala agwe kapena mukudikira mankhwala athu?"

Pilato anaseka. "Khalani pansi, achemwali. Akubwera a Mackson. Muwaonetsetse manja."

A Mackson, bambo wosesa m'zipinda zonse za chipatalacho, anatulukira pakhomo la kuseri. Ankapita ku ng'anjo yootchera zinyalala atanyamula mabokosi awiri achikasu otayiramo majekeseni ogwiritsa kale ntchito.

"Ndi ntchito yawo imeneyo," anatero Nilza.

"Eya. Koma limodzi alilendewetsa ndi zala kutali ndi mwendo, kuopa kubayidwa. Nanga linalo?"

Nilza anaona. Linalo anali atalikumbatira pachifuwa ngati khanda. Palibe munthu wa m'chipatala amene angagunditse bokosi la singano pathupi pake. Ndiponso palibe amene amayerekeza kulitsekula. Iye mwini, posecha, sanaliganizirepo.

Anadzambatuka n'kukawatsekera njira.

"Bambo, tandipatsani bokosilo."

"Iwe mwana, ufuna kutenga matenda? Muli singano umu!"

"Ndiye mwalikumbatiriranji?"

A Mackson anayang'ana kumunda wa chimanga ngati afuna kuthawa, koma mlonda anali atayandikira. Nilza analanda bokosilo n'kung'amba chivundikiro. Munalibe singano ngakhale imodzi. Munali mankhwala a malungo okhaokha, osanjidwa bwino, chidindo cha boma chili pamwamba.

Apolisi atawatenga a Mackson, mkulu wa chipatala anamupepesa Nilza pamaso pa onse amene anasiya kumulonjera. Iye sanamve bwinobwino, maso ake anali kumsewu. Anathamanga n'kukamupeza mlendoyo akukwera kabaza.

"A Pilato! Mungochoka chonchi?"

"Andituma a ku unduna wa zaumoyo kudzafufuza akuba mankhwala, achemwali. Kwatsala zipatala zina zitatu. Koma wakuba mwamugwira ndinu."

"Ndiye Pilatoyo ndi dzina lenileni?"

"Ayi. Limenelo ndi la pamtengo." Anatsitsa mawu kuti wakabaza asamve. "Mukadzafuna kufunsa za ine, mudzati Dario Nakhumwa."